Nyundo ya bwemba pa msana wa mlimi

Miyezi ya December ndi January ndiyo nthawi imene misana imalira m'midzi yozungulira Chipata. Kuyambira ku Chiparamba kufika ku Feni, kuyambira ku Madzimoyo kufika ku malire a Mwami, munthu amalawira mbandakuca khasu lili pa phewa, nawerama pa mizere ya cimanga ndi nshawa kufikira dzuwa litafika pa liwombo. Pobwerera kumudzi sayenda coongoka ai. Madzulo nsima itadyedwa, bambo amagona cafufumimba pa mphasa naitana kamwana kuti kamuponde pamsana, kapena mai amatereka madzi pamoto, nanyika nsalu, namuthowa m'ciuno. Womuthowa maiyo sapezeka kawirikawiri, cinkana khasu anagwira limodzimodzi ndipo pobwera anasenzanso mtolo wa nkhuni.

Alimi a maiko ena naonso ali ndi misana. Kutsidya kwa nyanja yamcere, kum'mawa kwa India, kuli dziko la Thailand, kumene amalonda ena a ku Zambia amapita pa ndeke kudzera ku Addis Ababa kukagula zobvala ndi nsapato. Kumeneko kuli njira yocotsera kutopa m'thupi imene imadabwitsa mlendo aliyense. Munthu amagona pansi, mnzace namukhoma ndi nyundo ya mtengo kuyambira kumiyendo kufika m'mapewa, ndipo wokhomedwayo podzuka amalipira ndalama nathokoza. Masiku ano zithunzi zace zoyenda zafika pa lamya za m'manja, kotero kuti ngakhale mnyamata amene sanapitirirepo pa Katete angathe kuziona. Tsono popeza mtengo umene amasemako nyundoyo ndi bwemba, umene uli mbwee ku cigwa ca Luangwa, ndipo amisiri osema sasowa pa Kapata, n'kwabwino kuti anthu aumvetse mwambo umenewu wina asanayambe kuuyesa pa msana wa mbale wace.

Kwao kwa mwambowu ndi kumpoto kwa Thailand, ku mzinda wa Chiang Mai, mtunda wa makilomita pafupifupi 700 kucokera ku likulu la dzikolo, Bangkok. Ndi ulendo wotalikirapo kuposa wocoka ku Chipata kupita ku Lusaka. Dera limenelo ndi la mapiri ndi zigwa za mpunga. Mzinda wa Chiang Mai unamangidwa m'caka ca 1296 ndi mfumu Mangrai, nukhala likulu la ufumu wa Lanna, ndipo kufikira lero anthu a kumeneko ali ndi kalankhulidwe kao, zakudya zao ndi mankhwala ao osiyana ndi a ku Bangkok.

Mlendo woyenda m'misewu ya mzindawo amayamba wamva ndi makutu asanaone ndi maso. Pa bwalo la kacisi kapena m'kanyumba ka pambali pa msika mumamveka go! go! go! monga ngati munthu ali kusema mtondo. Akasuzumira sapeza mmisiri wa matabwa. Amapeza anthu atagona pa timatiresi, atabvala malaya ndi mabuluku otakasuka, ndipo pambali pa aliyense pagwada mai kapena bambo, dzanja lina lagwira kanyundo ka mtengo, dzanja lina lagwira cikhomo cosalala cotalika ngati citsononkho ca cimanga. Cikhomoco amaciika pa mnofu, nacimenya pamutu ndi kanyundo, nacisuntha pang'ono, nacimenyanso. Nyundo siigunda thupi la munthu ai.

Eni ace amacha nchitoyi tok sen. Liu lakuti tok ndi kukhoma, ndipo sen ndi njira kapena mizere. Asing'anga a ku Thailand amaphunzitsa kuti m'thupi la munthu muli njira zimene mumayenda mphepo ya moyo, ndi kuti khumi mwa izo ndizo zazikulu, zoyambira pafupi ndi mcombo. Amati njira ikatsekeka munthu amamva kupweteka, motero kukhomako ndi kuitsegula. Madotolo ong'amba anthu sanazione njira zimenezo ndi maso, koma zambiri mwa izo zimadzera pamene pali minofu ndi mitsempha yeniyeni, ndipo pomwepo ndi pamene mlimi amamva kuwawa akaweruka kumunda.

Woyesa koyamba amagona thupi lili gwa, ali kudikira ululu. Koma cimene cimabwera si ululu wa munthu womenyedwa ndi ndodo. Ndi kunjenjemera kolowa m'kati mwa mnofu, konga kumene munthu amamva m'mapazi akaimirira pafupi ndi cigayo cili kugaya. Wokhomayo safulumira ndipo sacedwa. Amatsata kamvekedwe kamodzimodzi, ngati amai awiri osinja mu mtondo umodzi, kufikira mlendoyo ataiwala mantha. Pamene mnofu wamangika ngati mfundo ya cingwe ndi pamene pamaluma, ndipo pamenepo mmisiri wabwino amacepetsa dzanja, nafunsa, nabwerezapo pang'onopang'ono. Amayamba ndi miyendo, nakwera m'nchafu, nadzera m'mbali ziwiri za fupa la msana kufika m'mapewa. Ali ndi cikhomo cina ca mphanda cimene cimatangadza fupa la msana kuti cisaligunde. Nchito yonse imatenga ngati ola limodzi, ndipo ambiri amaphatikizapo kutikita ndi manja ndi kukoka ziwalo. Ena amagona tulo nyundo ili kulira. Podzuka thupi limapepuka, koma m'mawa mwace minofu ingathe kuwawa monga ya munthu amene wayamba kulima atakhala miyezi osagwira khasu.

Eni mwambo amati nyundo yeniyeni iyenera kusemedwa ku mtengo wa bwemba wogwidwa ndi mphezi, ndipo isanayambe nchito idalitsidwe ndi ansembe a cipembedzo ca Buddha. Apa ndi pamene miyambo yasiyana, pakuti kuno anthu ambiri saotha n'komwe nkhuni za mtengo umene mphezi yagwapo. Komabe mlendo asanyengedwe ndi ogulitsa. Mphezi ikadagwa pa mitengo yonse imene nyundo za m'misika ya Chiang Mai zasemedwako, bwenzi ku Thailand kulibe bwemba woima. Cimodzimodzinso mau a otsatsa malonda akuti tok sen ali ndi zaka 5,000. Nzeru imeneyi inali kuyenda pakamwa, kucokera kwa kholo kupita kwa mwana m'midzi ya alimi a mpunga, ndipo amene amachula zaka zikwi zisanu alibe buku kapena mwala wolembedwa umene angauonetse.

Cimene sicikaikitsa ndi cakuti ndi nzeru ya anthu a khasu. Umboni wace ndi mwambo wina wa dera lomwelo wochedwa yam khang. Pamenepo sing'anga amaika khasu la pulawo pa makala a moto, nanyika phazi lace m'mafuta ndi m'madzi a mankhwala, naponda citsulo cotenthaco kamphindi, kenaka naponda wodwala pamsana ndi phazi lofundalo, iye atatsamira ndodo. Amakhalanso ndi timitolo ta nsalu tomangamo cikasu, masamba a bwemba, makoko a mandimu ndi udzu wonunkhira. Timitoloto amatitenthetsa pa nthunzi ya mphika natisindikiza pamene pali kupweteka. Nchembere ya ku Chadiza kapena ku Kasenengwa itaona zimenezi siingafunse kuti n'ciani. Ingangoti uku ndi kuthowa, ndi kufunsa cabe maina a masambawo.

Boma linalowapo

Kusiyana kwakukulu pakati pa maiko awiriwa sikuli m'manja mwa othowa koma m'mene boma ndi masukulu anaitengera nchitoyi. M'caka ca 1832 mfumu Rama III inalamula kuti nzeru za mankhwala ndi zithunzi za thupi la munthu zizokotedwe pa miyala ya kacisi wa Wat Pho ku Bangkok kuti aliyense wofuna aphunzire. Pa kacisi yemweyo panatsegulidwa sukulu ya mankhwala a makolo mu 1955. Mu 1999 dziko la Thailand linakhazikitsa lamulo loteteza ndi kukweza mankhwala a makolo, ndipo zipatala zambiri za boma kumeneko zili ndi cigawo cotikita anthu pafupi ndi zigawo za madotolo. M'mwezi wa December 2019 bungwe la UNESCO linalemba kutikita kwa ku Thailand, kochedwa nuad Thai, m'kaundula wa miyambo yamtengo wapatali ya anthu a pa dziko lapansi. Ndi kaundula yemweyo m'mene Gule Wamkulu wa Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique analembedwa mu 2008.

Ku Zambia bungwe la ng'anga, la Traditional Health Practitioners Association of Zambia, linayamba mu 1978, caka comwe maiko anasonkhana ku Alma-Ata nabvomerezana kuti asing'anga a makolo ophunzitsidwa bwino angathandize kufikitsa umoyo kumidzi. Koma kuthowa ndi kutikita kwa pakhomo kunatsalira kunja kwa zonsezi. Mtsikana amaphunzira poonerera agogo ace, ndipo agogo akamwalira asanamuuze zonse, zotsalazo zapita nao kumanda. Zimene zimatayika msanga si maina a masamba ai. Ndi malangizo a pamene munthu sayenera kugwira.

Mmisiri wa tok sen wophunzitsidwa bwino amayamba ndi mafunso nyundo isanalire. Sakhoma mai wapakati. Sakhoma nkhalamba imene mafupa ace afooka, munthu wothamanga magazi kwambiri, wakumwa mankhwala osungunula magazi, kapena amene wagwa posacedwapa. Sakhoma pa fupa, pa mfundo, pakhosi kutsogolo, kapena pansi pa nthiti zomalizira kumbuyo pamene pagona impso. Mlendo akapeza munthu wongomugoneka pansi osamufunsa kanthu, ndi bwino adzuke ndalama zace zikali m'thumba.

Pali ngozi ina imene imakhudza apaulendo makamaka. Munthu akakhala maola ambiri osatambasula miyendo, kaya m'ndeke kaya m'basi ya ku Lusaka, nthawi zina magazi amaundana mu mtsempha wa m'kati mwa mwendo. Katumba wa mwendo umodzi amatupa, natentha, nawawa. Maganizo oyamba a aliyense ndi kutikita, koma kutero kungathe kusuntha cibuluma ca magazico nicikatseka m'mapapo, munthu n'kufa pomwepo. Amai amene angocira kumene alinso pa ngozi yomweyi. Mwendo wotero ngwa kucipatala tsiku lomwelo.

Asanu ndi anai mwa khumi

Kodi kukhoma ndi kuthowa kumaciza msana? Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linawerenga kuti mu 2020 anthu okwanira 619 miliyoni anali kumva kupweteka m'munsi mwa msana, ndi kuti bvuto limeneli ndilo loposa onse polepheretsa anthu kugwira nchito. Mwa odwala khumi, pafupifupi asanu ndi anai sapezeka ndi nthenda ina yobisika. Msana wao wangotopa ndi kuwerama, kusenza ndi ukalamba. Zimenezi sizidabwitsa munthu wa kuno. Amene anasenzako matumba a makilogalamu 90 m'masiku a Namboard akali kuwakumbuka m'ciuno mwao. Thumba la feteleza ndi makilogalamu 50, cigubu ca madzi ca malita 20 cimalemera makilogalamu 20 pamutu pa mtsikana, ndipo anyamata opalasa njinga zonyamula anthu ndi makala pa zitunda za Chipata amaweruka misana itauma.

Kwa anthu otere, malangizo amene WHO inaturutsa mu December 2023 amabvomereza kutikita monga njira imodzi yothandizira, pamodzi ndi masewera olimbitsa thupi ndi kuphunzitsa wodwala za bvuto lace. Malangizo omwewo amakana malamba omanga m'ciuno ndi mankhwala amphamvu oledzeretsa. Motero mai wothowa mwamuna wace sali kucita zopusa ai. Kufunda kumamasula mnofu, ndipo dzanja la munthu wokukonda limakhazika mtima pansi. Koma mpumulo wace ngwa masiku owerengeka, ndipo nyundo ya bwemba ilibe mphamvu yobisika yoposa pamenepa. Cothandiza kwa nthawi yaitali ndi kusagona pa mphasa masiku ambiri, kumayendayenda, kusinthasintha nchito m'munda, kupinda maondo ponyamula katundu ndi kugawa thumba pawiri. Mpini wa khasu wotalikirapo umacepetsanso kuwerama.

Pa zocitika za pakhomo pali zofunika kusamala. Woponda pamsana akhale mwana wamng'ono ndithu, ndipo aponde m'mbali, osati pa fupa lapakati kapena pakhosi. Madzi othowera ayesedwe ndi cigongono, makamaka kwa odwala matenda a shuga, amene khungu lao lingathe kupsa iwo osamva. Mibulu ya Brufen ndi diclofenac yogula pa msika imaziziritsa ululu, koma kuimwa tsiku ndi tsiku, makamaka m'mimba mopanda kanthu, kumabweretsa zilonda za m'mimba ndi kuononga impso. Ndipo amene afikira pa kutema mphini adziwe kuti lumo limodzi logwira anthu awiri limanyamula kacirombo ka HIV ndi matenda a ciwindi.

Wakhumiyo

Nkhawa yaikulu ili pa munthu wakhumi uja, amene msana wace uli kuwawa kaamba ka nthenda yobisika. Iye ndi amene amataya miyezi pa mphasa, lero kuthowa, mawa mphini, mkuja kwa ng'anga ya kutali, nthenda ili kudya m'kati. Mwa nthenda zotere yofunika kuidziwa bwino kuno ndi TB ya m'mafupa a msana. Anthu ambiri amadziwa TB monga cifuwa cacikulu cokhosomola, koma tizirombo tace timayenda m'magazi nitikakhazikika m'mafupa a msana, ndipo wodwalayo angathe kukhala osakhosomola n'kamodzi komwe. Dotolo wa ku London, Percivall Pott, anafotokoza nthendayi mu 1779, ndipo madotolo amaichula ndi dzina lace kufikira lero. Imagwira ana ndi akulu omwe, koma makamaka anthu amene thupi lao lafooka ndi HIV kapena ndi kusowa zakudya.

Kayendedwe kace nkapang'onopang'ono. Ululu umakhala pamalo amodzi, pamene munthu angathe kuloza ndi cala, ndipo sucoka ngakhale apumule. Usiku ndi pamene umakula. Munthu amaonda, natuluka thukuta usiku, namva kutentha thupi madzulo. Tizirombo tikadya fupa limodzi kapena awiri, mafupawo amaphwanyika nagwerana, ndipo pamsana pamatuluka kanundu kosongoka. Kumbuyo kwa mafupawo kumadzera mtsempha waukulu wocokera ku ubongo, umene umalamula miyendo, cikhodzodzo ndi matumbo. Ukapanikizidwa, miyendo imayamba dzanzi, kenaka kulemera, kenaka kukokeka pansi, ndipo potsiriza munthu sangathenso kuimirira. Fupa lotere lili ngati mtanda wa denga wodyedwa ndi ciswe, wooneka wabwino kunja. Kulipondetsa mwana kapena kuliyandikiza nyundo ndi kugwetsa denga.

Palinso nthenda zina zobisala kumbuyo kwa msana. Mai amene ali kumva kupweteka m'ciuno natayanso magazi nthawi yosayenera kapena atasiya kale kusamba ayenera kupimidwa khomo la ciberekero. Nchito yopima khansa imeneyi inayamba m'zipatala za boma ku Zambia mu 2006. Bambo wacikulire wobvutika pokodza, msana nuwawa usiku, ayenera kuonedwa ndi dotolo. Ululu wa m'mbali pansi pa nthiti wobwera ndi kutentha thupi ndi mkodzo wotentha umaloza ku impso. Ndipo munthu aliyense amene wacita dzanzi pakati pa miyendo, kapena amene mkodzo ndi cimbudzi zayamba kutuluka iye osadziwa, kapena mkodzo watsekeka, alibe tsiku lodikira. Pamenepo maola ndiwo amawerengedwa.

M'cigawo ca kum'mawa thandizo lilipo. Cipatala cacikulu ca Chipata Central cili ndi makina ojambula mafupa ndi cigawo coongola ziwalo cimene ambiri amacicha fiziyo. Cipatala ca Mwami ca mpingo wa Seventh-day Adventist ciri pafupi ndi malire, ndipo ca St Francis ku Katete, cimene cinayamba mu 1948, cimalandira odwala ocokera m'maboma ambiri. Mankhwala a TB ndi aulere m'zipatala za boma ndi za mishoni. Kwa TB ya msana amamwedwa nthawi yaitali kuposa miyezi isanu ndi umodzi ya cifuwa, kawirikawiri kufika caka cathunthu, ndipo sayenera kusiyidwa panjira ngakhale ululu utatha. Ambiri amene ayamba kumwa miyendo isanafe amacira nabwerera kumunda. Ngakhale ena amene anafika atanyamulidwa amadzukanso, koma nundu ikatuluka siibwereranso m'kati.

Kalata yopita nayo ku cipatala cacikulu imalembedwa pa kiliniki ya pafupi. Wodwala amene miyendo yace yayamba kufooka, kapena amene wagwa mu mtengo kapena pa ngolo nabvulala msana, asakwezedwe pa njinga kapena pa njinga yamoto. Agonekedwe cagada pa citseko kapena pa thabwa lalikulu, anthu anai anyamule pamodzi mutu, msana ndi miyendo zili zoongoka, ndipo ngolo iyende pang'onopang'ono kufikira pamseu.